Chikuta cha Naphiri

Ana inu, ndikudziwa kuti mwandikwiyira. Lero ndi tsiku lachinayi chibwerereni azakhali anu a Chisomo kuchipatala ndi khanda lawo, ndipo inu simunalione ngakhale chala. Ndakokera mpando wanga pakhomo la chipinda chawo, ndakhala ngati mlonda wa pabanki. Tamanda, dzulo wandiuza m'Chingerezi chako chothamangacho kuti mnzako wa kusukulu anaona mwana wa achemwali ake pafoni asanamusambitse n'komwe. Yankho wayesa kundinyengerera ndi kapu ya tiyi wothira shuga wambiri. Iwe Dalitso, amene umati Chichewa sumva koma ndikatchula mandasi khutu limaima, ndakuona ukusuzumira pansi pa chitseko, matako m'mwamba.

Pakamwa ndine wosauka, mukudziwa nokha. Mawu amandithawa anthu akandiyang'ana, ngakhale anthuwo akhale zidzukulu zanga. Ndiye ndatenga kope ili kuti ndilembe. Kalembedwe kanga n'ka Sitandade 4, musaseke. Tamanda, uwerengere anzakowo mokweza, pamene wakakamira ufunse bambo ako.

Bambo anu a Limbani ndinawaberekera kwathu ku Dedza ndili kamtsikana. Kwathu mayi akachira amalowa m'chikuta. Nyumba ndi yomweyo ya masiku onse, koma imasanduka ina. Mwamuna salowa, ana salowa, mlendo amalonjera ali panja. Amalowa ndi amayi achikulire awiri kapena atatu basi, kukuthowa ndi madzi otentha, kukuphikira phala, kukuphunzitsa kagwiridwe ka mwana pabere. Ine ankandithowa anali azakhali anga, manja awo olimba ngati mpini wa khasu, moti ndinkalira kuposa khandalo. Mchombo ukagwa, kawirikawiri pakatha sabata, mwana amamumeta, kumusambitsa, n'kumutulutsa. Apo ndiye mudzi wonse umabwera kudzaona mlendo, wina ndi ufa, wina ndi sopo, wina ndi mtolo wa nkhuni. Ndipo kusabwera ndi mlandu. Munthu wodutsa pakhomo pa mnzake amene watuluka m'chikuta osapatuka, amamunena mpaka mwanayo amayamba kuyenda. Zinthu ziwirizi muzisunge m'mutu, kutseka ndi kutsegula, chifukwa ine chinandipusitsa n'chachiwiricho.

Agogo anu aamuna anatsogola kubwera kuno ku dziko la azungu kudzaphunzira unamwino. Patapita zaka ziwiri anatiitanitsa, ine ndi Limbani, tinakafikira ku tauni ya South Bend. Ndinkadzitama kuti wa ku Dedza saopa kuzizira. Ha! Tsiku loyamba kutuluka panja ndinamva ngati wina wandimenya mbama makutu onse awiri. Ndinayanika zovala pakhonde monga ndinazolowera, thalauza la agogo anu linauma gwa, linaima lokha pakona ngati mwini wake alimo. Inu mumabadwa jekete ili kale pathupi, simungamvetse.

Koma chondizunza kwambiri sichinali kuzizira, anali manyazi. M'basi muli chingwe chokoka ukafuna kutsika. Ine sindinkachikoka, kuopa kuti belu lilira, anthu onse atembenuka kundiyang'ana. Ndinkangodikira kuti wina atsike pafupi ndi kwathu, nane n'kutsika. Tsiku lina palibe anatsika, ndinazungulira nayo tauni yonse kawiri mpaka dalaivala anandifunsa ngati ndasamukira m'basimo.

Azakhali anu a Chisomo anabadwira kumeneko. Manesi anandisamala bwino, sindinama. Koma tsiku lachiwiri anatitulutsa, ndipo lachitatu lake kanyumba kathu kanadzaza ndi anthu a kumpingo. Anabwera ndi chikondi chenicheni, mapoto a mpunga, mabulangeti, timalaya. Mwana anayenda m'manja mwa aliyense, kamera ikuthwanima m'maso mwake. Ine ndili pakona, mabere akuwawa, mwana akukana kuyamwa. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kukhitchini kuti, "Mtsikanayu ngwamanyazi kwambiri, kulera akutha koma? Angomupatsa botolo mwanayu." Ndinamulanda mwana wanga, kupita naye kuchipinda, kutuluka naye, kulowa naye kubafa, kubwereranso kuchipinda, kusowa pomukhazika. Alendo atapita, nyumba itakhala zii, mwana anagwira bere yekha. Sindinauze munthu, koma mawu a kukhitchini aja anakhala pamtima ngati munga wothyokera m'phazi.

Chisomo atakwana zaka ziwiri ndinafunika kugwira ntchito, chifukwa agogo anu anali adakali pasukulu ndipo pakhomo pankadalira manja anga. Anandithandiza ndi amayi a Mphatso, mayi wa ku Zomba, wamkulu kwa ine, wolankhula ngati wailesi. Iwo ankakolopa pa kamalo kena kosungirako nyama zakutchire, kamene kuno amati zuu.

"Ntchito yake ndi yako yeniyeni, Nambewe," anatero. "Nyama sizifunsa mafunso."

Anandipatsa mbali ya nyama za ku China. Ndinkafika m'mawa geti asanatsegulire anthu, kukolopa tinjira ta kuseri kwa makola, kutsuka mabeseni, kutaya zinyalala. Kunali mbalame zoyera zazitali ngati akakowa onenepa, zokhala ndi kachigamba kofiira pamutu, zimene zinkavina ziwiriziwiri ngati zili pachinkhoswe. Kunali chinyama china, ng'ombe si ng'ombe, mbuzi si mbuzi, mphuno yotupa ngati yalumidwa ndi njuchi. Ndipo kunali panda. Musaganize za chimphona chakuda ndi choyera chili pa sikipa ya Dalitso chija, ayi. Uyu anali panda wofiira, woposa mphaka pang'ono, ubweya wake ngati dothi la katondo, nkhope yoyera ngati wagwera m'lichero la ufa, mchira wonenepa wa mizeremizere.

Woyang'anira nyamazi anali Mayi Karo, mzungu wamtali wa imvi, wovala jombo chilimwe ndi dzinja. Sankalankhula zambiri, n'chifukwa chake ndinkawakonda. Tsiku lina anandipeza ndaima ndi mopu ndikuyang'ana panda uja, anandikokera pa mapu a pakhoma, n'kundiloza mapiri a ku China. Ndi manja ndi timawu tochepa anandimvetsa kuti kwawo kwa kanyamaka ndi kumapiri aatali a nkhungu, m'nkhalango za nsungwi. Nkhalangozo zikudulidwa, ndipo kale anthu ankakasaka chifukwa cha chikopa chake chosokera zipewa. Tsopano tatsala tochepa, boma la kumeneko limaletsa kukagwira, wopezeka nako amamangidwa. Ndinakumbuka ngaka ya kwathu, ija ya mamba yodzipinda ngati nkhata, imene ine ndinaiona kamodzi kokha moyo wanga wonse. Ndinaijambula papepala, Mayi Karo anagwedeza mutu kuti ku Chinanso iliko, ndipo nayonso ikutha. Ndinadabwa kuti dziko lalikulu choncho lingasowe nyama zake ngati ife.

Kanyamaka chakudya chake ndi masamba a nsungwi. Apa ndiye ndinali katswiri, chifukwa bambo anga anali oluka malichero ndi madengu, ine ndinakulira pa phata la nsungwi. Ndinkadziwa tsamba lanthete ndi lokhwima ndisanaligwire. Mayi Karo ataona kuti masamba osankha ine satsala m'khola, anandisiyira ntchito yosankhayo. Panda ameneyu anali wamkazi, ndipo anali ndi dzina lake lachitchaina limene lilime langa linakana. Ine ndinamutcha Naphiri, poti ngwa kumapiri. Anthu akachuluka pagalasi, ana akugogoda, Naphiri ankakwera pamtengo, kudzipinda, n'kuphimba nkhope ndi mchira. Ndinati uyu ndi mnzanga, kungoti ine Mulungu anandimana mchira.

Chilimwe china, kutentha kwa kuno kuja kokhala ngati uli m'bafa la madzi owira, Mayi Karo anatisonkhanitsa okolopa tonse. Amayi a Mphatso ankandimasulira.

"Akuti Naphiri wako wachira, mwana mmodzi. Akuti kanjira ka kuseri kwa khola lake kasakolopedwe, munthu asalowe, mpaka mayi ndi mwana atakhazikika."

Mtima wanga unachita kuvina. Ndinati kani azungu awa chikuta akuchidziwa! Madzulo ndinauza agogo anu kuti, "Abambo a Limbani, nyama yapeza chimene ine ndinachisowa." Kiyi ya kanjira kaja inali pa mkanda wanga wa makiyi. Palibe anaganiza zondilanda, poti ndani akanaganiza kuti Nambewe angatsegule chitseko chimene wauzidwa kuti asatsegule?

Ndipo sindinatsegule. Ndinadikira. Ndinawerenga masiku asanu ndi awiri, ndinawonjezera limodzi la ulemu. Ndiye ndinayamba kuyang'ana kuti ndani apite kukaona mwana. Palibe. Aliyense ankangodutsa pachitseko paja ngati palibe chachitika. Zinandiwawa. Ndinati mnzangayu ndi mlendo kuno ngati ine, abale ake ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndiye atuluke m'chikuta popanda womuonera mwana? Anthu ophunzirawa atseka bwino, koma kutsegula aiwala.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi ndinasankha masamba anthete okhaokha, kuwakulunga pa chitenje changa. Ndinaona kuti Naphiri watuluka panja kukamwa madzi. Ndinatsegula chitseko, kuvula nsapato, kuyenda monyang'ama. Mwana anali m'bokosi la matabwa lokhala ndi kachitseko kumbuyo. Ndinagwada, kuwomba m'manja pang'onopang'ono, n'kukatsegula. Ana inu, kanali kakang'ono ngati mbatata, ka ubweya wotuwa, maso osatsegula, kakupuma ndi thupi lonse. Ndinaika masamba aja pambali pake. Kwathu sungaone mwana osamulandira, koma ndinaopa kumunyamula, ndiye ndinangomusisita pamutu ndi chala chimodzi. Ndinati, "Takulandirani alendo. Mukule." Ndinatseka, kutuluka, mtima uli mbee, ngati munthu wochokera ku mgonero.

Mawa lake ndinapeza Mayi Karo aima pagalasi, manja m'chiuno. Naphiri anali panja padzuwa, mwana ali kukamwa, wamuluma pakhosi. Anakwera naye pachipika, kutsika naye, kulowa m'bokosi lina, kutuluka, kulowa lachitatu, kubwereranso. Sanadye. Ankangozungulira, mwana akulendewera ngati kansanza. Kuyenda kumeneko ndinkakudziwa. Kuchipinda, kubafa, kuchipinda.

Linatha tsiku, linatha lachiwiri. Pakhosi pa mwana panayamba kunyuka. Masiku ano m'mabokosi otere amaikamo kamera, akanandiona tsiku lomwelo. Nthawi imeneyo pamalo pathu panalibe, ndiye palibe ankadziwa chimene chamusokoneza. Lachitatu masana amayi a Mphatso anabwera ndi nkhani.

"Akuti ndi mwana wake woyamba, sadziwa kulera. Lachisanu m'mawa amulanda, azikamumwetsa botolo. Koma Karo maso ali psuu, akuti oleredwa pabotolo ambiri sakula."

Sadziwa kulera. Botolo. Munga uja unalasanso pomwe paja.

Ndinawaululira amayi a Mphatso tili pa siteji ya basi. Anaika chikwama pansi.

"Iwe Nambewe! Unapita kukaona mwana wa nyama? Sopo unatenganso?"

"Masamba okha."

"Mayo ine! Anakuona ndani?"

"Palibe."

"Ndiye tseka pakamwa, ndi ntchito imene umaitha bwino. Ukayankhula akuchotsa, ndipo ine amene ndinakubweretsa andiyang'ana bwanji? Ana ako adya chiyani, masamba a nsungwi?"

"Koma akumunamizira, amayi a Mphatso. Kulera amatha. Ndamusokoneza ndine."

"Ndi nyama, mwana iwe, siikakusumira kukhoti."

Kunyumba agogo anu anaseka mpaka kutsokomola. "Munawombanso m'manja? Anayankha?" Koma ataona nkhope yanga analeka. Kenako anati, "Ntchitoyo ikatha tivutika, sindikubisirani. Koma mukapanda kunena, inu ndimakudziwani, simudzadyanso bwino m'nyumba muno. Mayi Karowo ndiwaimbire foni ndine?"

Ndinkafuna kuvomera, ana inu. Moyo wanga wonse kuno ankandilankhulira ndi iwo, kuchipatala, kusitolo, kusukulu ya Limbani. Koma ndinati, "Ayi. Chitseko ndinatsegula ndekha." Ndiye anandiphunzitsa ziganizo zinayi za Chingerezi chabwino, ndinazibwereza ndikusambitsa Chisomo, ndikutsuka mbale, ndili m'basi m'mawa wa Lachinayi.

Ndinawapeza Mayi Karo m'khitchini ya nyama akudula maapozi. Pashelefu panali kale kabotolo kakang'ono ndi chitini cha mkaka. Ndinagwada pakhomo monga tichitira kwathu polankhula mlandu kwa wamkulu. Iwo anaponya mpeni n'kuthamanga, kundigwira pamphumi, akuyesa ndikukomoka. Pamenepo ziganizo zinayi za agogo anu zinauluka zonse. Zimene zinatuluka ndi izi, ndipo mukaseka ndikumvani ndili pampando pano:

"Mi. Ai openi bokisi. Ai tachi bebi. Mama gudu. Mi badi."

Nkhope yawo inafiira kuyambira m'khosi mpaka m'tsitsi. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo poti Chingerezi changa chinali chathera pomwepo, anaitanitsa amayi a Mphatso. Iwo analowa wailesi yonse ija itazima. Ndinafotokoza za chikuta, za mchombo, za kukaona mwana, iwo akumasulira mawu amodziamodzi, maso ali pansi.

"Akufunsa kuti chikuta cha kwanucho chimakhala masiku angati."

"Asanu ndi awiri. Ine ndinadikira asanu ndi atatu."

Mayi Karo anatseka maso. Kenako anaimika zala zitatu.

"Akuti cha uyu ndi miyezi itatu," anatero amayi a Mphatso, n'kuwonjezera chapansipansi, "Koma ku China azimayi amapuma, eti."

Mayi Karo anafunsa zambiri. Linali tsiku liti, ndinagwira pati, m'manja munali chiyani. Ndinati mafuta odzola ndi fungo la sopo wokolopera. Anati masamba aja ali kuti, ndinati ali momwemo m'bokosi. Anandimvetsa kuti mayi wa mtundu umenewu akamva fungo lachilendo pa mwana wake amadziwa kuti malo aululika, ndiye amasamuka, ndipo akasowa kobisala amangoyenda naye mpaka mwana kufooka. Anapita kukaimba foni kwa dokotala wa nyama. Ife tinatsala tili chiimire, amayi a Mphatso akunditsina pamkono.

Mayi Karo atabwera anatambasula dzanja. "Kiyi." Ndinaichotsa pamkanda, ndinapereka. Ndinayamba kumasula epuloni, poti ndinadziwa kuti yatha.

"Akuti botolo lidikira mpaka Lolemba," anamasulira amayi a Mphatso. "Poti chomusokoneza chadziwika, ayesa kumupatsa bata. Bokosi unagwiralo alitseka, galasi aliphimba, njira ya anthu yodutsa pakholapo aitseka ndi chingwe. Ndiye akufunsa kuti, kwanuko amakhala pakhomo la chikuta kubweza anthu ndani?"

"Azakhali."

Mayi Karo anandiloza pachifuwa ndi chala. Sanamwetulire ngakhale pang'ono. Mawu amenewo sanafunike womasulira.

Chilango chake chinali chimenecho, ndipo kwa munthu ngati ine chinaposa kuchotsedwa ntchito. Anandipatsa mpando pachingwe paja, nkhope kuloza kwa anthu. Ine amene ndinkaopa belu la basi, tsopano ndizibweza mabanja athunthu amene alipira pageti kudzaona panda. Tsiku loyamba mawu sankatuluka, ndinkangotambasula manja ngati woingitsa nkhuku. Koma ndikamva kuseri kwanga timapazi ta Naphiri tikuzungulirabe, mawu ankabwera okha. "Sore. Bebi silipingi." Ambiri ankamvetsa, ena ankayamba okha kuyenda monyang'ama.

Loweruka kunabwera bwana wamkulu wa malowo, ndi alendo atatu ovala masuti, mmodzi kamera ili pakhosi. Anakweza mwendo kuti adumphe chingwe. Ndinaimirira.

"No."

Anandiyang'ana ngati mpando walankhula. Anandiuza mwaulemu kuti iye ndi ndani, ndipo ndinamva bwinobwino.

"Yesi bwana," ndinatero. "No."

Anakhala mwendo uli m'mwamba kanthawi. Kenako anaseka, anaubweza, anauza alendo ake kuti akaone mbalame zovina zija. Nditakhala pansi ndinaona amayi a Mphatso atabisala kuseri kwa mgolo wa zinyalala, chitenje chili kukamwa. Anandinena nazo zaka zambiri. Tikakumana pa ukwati ankayamba patali, "Yesi bwana, no!"

Madzulo a tsiku lomwelo timapazi tija tinaleka. Naphiri analowa m'bokosi la pakona, sanatulukenso ndi mwana. Lamulungu anadya. Lolemba m'mawa ndinasuzumira m'khitchini, ndinaona kabotolo kaja kabwezedwa m'kabati.

Ndinakhala pampando umenewo chilimwe chonse, m'mawa kukolopa, masana kulondera. Chingerezi chimene ndimalankhula nanu lerochi ndinachiphunzirira pamenepo, kwa ana ofunsa mafunso ngati inu. Masamba a mitengo atayamba kufiira, tsiku lina geti asanatsegule, Mayi Karo anabwera kudzandikoka dzanja. Anali atachotsa nsalu pagalasi. Pakhomo la bokosi panatuluka kamphuno, kenako nkhope yoyera ya ufa, kenako kamchira ka mizeremizere. Kanaponda pansi ngati pakuwotcha, kanagwa chagada, mayi wake anakagudubuza ndi mphuno. Pakhosi panali patamera ubweya, chipsera osaoneka. Mayi Karo ananditambasulira nthambi ya nsungwi yanthete, n'kuloza kabowo ka pa waya koperekera chakudya.

"Tsopano," anatero, ndi Chichewa chimene anachita kupempha kwa amayi a Mphatso, "kaone mwana."

Kiyi ija sanandibwezere mpaka ndinachoka, ndipo anachita bwino.

Mwanayo atakula anamutumiza ku zuu ina yakutali kukakwatiwa, kuti mtundu wawo usathe. Amatero ndi nyama zosowazi, amachita kufufuza mibadwo ngati ankhoswe. Ife agogo anu atamaliza sukulu tinasamukira kuno ku Indianapolis, pafupi ndi Speedway, kumene galimoto za mpikisano zimalira ngati njuchi zolusa mwezi wa Meyi. Ndinagwira ntchito yochapa kunyumba yosungirako okalamba mpaka mawondo anakana. Moyo wandikomera, sindidandaula. Ufa ndi nsomba zouma ndimagula pa Lafayette Road, chingwe cha basi ndimakoka ndekha, nthawi zina ndimakokeranso ena. Kuseri kwa nyumba kuli kaphata ka nsungwi kaja mumathyola n'kumamenyana nako. Tsopano mwadziwa chifukwa chake ndinakadzala.

Nkhani imeneyi azakhali anu anakula akuimva. Mimba itakula anandiimbira foni, iwo amene anabadwira kuno, amene amayendetsa galimoto pamsewu waukulu dzanja limodzi, anati, "Amayi, ndikachira ndibwera kwanu. Mudzandikhalire pakhomo." Ndiye musati agogo ndi ankhanza. Ndatumidwa.

Yankho, wandifunsa kuti tsono kwatsala masiku angati. Sindikudziwa, mwanawe. Kuwerenga masiku a mayi wina ndinasiyira pa Naphiri. Mwana wayamba kuyamwa bwino, mchombo wauma, azakhali anu dzulo aseka. Tsiku limene adzatsegule okha chitsekochi ndi dzanja lawo, ine ndichotsa mpando. Inu konzekeranitu, poti kukaona mwana sapita chimanjamanja, ndipo wosabwera tidzamunena. Musambe m'manja, mafoni musiye patebulo, mulowe mmodzimmodzi.

Ndipo Dalitso, dzuka pansipo, ukudetsa malaya. Uthokoze kuti azakhali ako si a ku China. Bwenzi ukudikira mpaka masamba atafiira.